Mazira a Bakha M'chikwatu cha Apongozi Anga

Tadala, taima kaye ndi mpeniwo. Usadule chonsecho n'kuponyera galu. Bwera naye kuno bakhayo. Nawenso Mphatso sendera, foniyo siithawa.

Ichi chili kumapeto kwa msanachi, pomera nthenga za kumchira, ndi chinyophiro. Ana inu nyama mumaidziwa ili m'pepala la pulasitiki, youma gwa ngati mwala, ndiye mukaona chinyophiro mumayesa chotupa. Taonani pamwamba pakepa. Pali kansonga kozunguliridwa ndi tinthenga tofewa. Tafinya pang'ono, Tadala. Waona timafuta tachikasuto? Pansi pa khungu pamenepo pali tinthu tiwiri tonga nyemba, ndipo mafutawo amachokera m'menemo. Imeneyo ndiye nsupa ya bakha. Koma nsupanso simuidziwa. Kanali kachikho kakang'ono kokhala ndi khosi, kamene amayi akale ankasungiramo mafuta odzola, kunja kuno kusanadzaze mabotolo.

Chochotsa ndi tinyemba tiwirito basi. Ukaphikira kumodzi, ndiwo zonse zimamveka fungo la m'khola. Chotsalacho ndi nyama yabwino, yonona kuposa ntchafu, ndipo ndidya ndine chifukwa mano ndilibe.

Mumamuona bakha akatuluka m'madzi, amapinda khosi mpaka kumchira, inu n'kumati akukanda nsabwe. Amakhala akutapa mafuta ndi mlomo. Akatapa amadutsitsa nthenga imodziimodzi pakamwa, kuidzoza ndi kuiwongola. Kumutu kumene mlomo sufika, amachita kukhutiza mutuwo pachinyophiro pomwepo. Ndiye chifukwa chake madzi amangogubuduka pamsana pake, nthenga sizithothoka msanga, ndipo chisanu sichimulowa. Nkhuku nayo ili nacho, koma chaching'ono, n'chifukwa chake mvula ikaipeza panja imaoneka ngati chisanza. Nkhunda ndiye mafuta ndi ochepa zedi, imadalira kafumbi koyera kamene kamatsalira m'manja ukaigwira. Ngakhale anthufe tili nato timatumba ta mafuta, kungoti tathu tinamwazikana pakhungu lonse. Onani mphuno ya Mphatso mmene ikuwalira, ndi ziphuphu zayambazo. Usabise nkhope, zidzatha, bambo ako anali nazo zoposa pamenepo.

Ine zimenezi sindinabadwe ndikuzidziwa, ngakhale ndinakulira pakati pa abakha. Ndinakaziphunzirira kumapiri, kumene kunalibe bakha ndi mmodzi yemwe.

Ndinabadwira kuno kuchigwa, m'matope a mpunga. Kuno bakha sachita kuwetedwa. Amaikira pansi pa nkhokwe, kufungatira yekha, tsiku lina umangoona watulukira ndi mzere wa ana kulowera kungalande. Palibe amene ankafunsa kuti zimatheka bwanji.

Agogo anu aamuna, a Filimoni, ankabwera kuno kudzagula mpunga wokagulitsa kwawo ku Biriwiri. Anali munthu woseketsa, wodziwa kuyankhula ndi akuluakulu. Mwambo wathu ukanati iwo adzamange kuno, koma anali mwana wamwamuna yekhayo ndipo mayi awo anali amasiye, ndiye anapempha chitengwa, amalume anga n'kulola. Ulendo wake sunali ngati wa lero wokwera njinga yamoto pakhomo. Tinkayenda pansi mpaka kumsewu, kudikira matola pansi pa mtengo theka la tsiku, kukwera chitunda cha ku Kandeu galimoto ikulira ngati ng'ombe, kukafika paboma, kenako basi. Nditatsika ku Biriwiri mphepo inandimenya, ndinayesa ndayamba malungo. Anthu ankandiseka kuti ndafunda bulangeti masana.

Apongozi anga anali Anamaseko. Anali aatali, oongoka ngati mtengo wa bulugama, osakonda kuyankhula. M'mawa uliwonse akasamba ankakhala kumbali ya nyumba kotulukira dzuwa, n'kutsegula nsupa yawo ya mafuta a nsatsi. Ankayenga okha: kukazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kumawengula mafuta oyandama pamwamba. Ankadzola kuyambira kumaso mpaka kuzidendene, mosafulumira. Kumalo kozizira ngati kumene kuja, kumene anthu zidendene zimang'aluka mpaka kutuluka magazi, zawo zinali zosalala ngati za khanda.

Ine ankanditchula Anaphiri, ndipo sananditchulepo iwe. Sanandinyozepo, sanandiyamikirepo. Ndikaunda mizere ya mbatata ya kachewere mokhota, pakuti kwathu tinazolowera kuwoka mpunga, iwo ankabwera pambuyo ndi khasu n'kuiwongola osanena kanthu. Zinkandiwawa kuposa kukalipiridwa.

Chaka chimene anthu anavota posankha pakati pa nyali ndi tambala, ndinali ndi ana awiri: Feliya, mayi ako Tadala, ndi Yona, bambo ako Mphatso, ali kumsana. Pasanapite nthawi anyamata anayamba kukamba za ku Joni. A Filimoni ananyamuka titangokumba mbatata, anati akabwera ndi malata. Poyamba ankatumiza bulangeti, nsapato za ana, kudzera mwa anthu obwera. Kenako kunangoti zii. Pakhomo tinatsala akazi awiri osayankhulana kwenikweni, ndi ana awiri.

Nditatsikira kuno ku maliro a azakhali anga, amayi anandiyang'ana n'kunena kuti ndaonda. Anafuna kundipatsa bakha kuti ndizikhala ndi kanga kumeneko, koma bakha wamoyo, mwana kumsana, wina padzanja, pa matola, sizikanatheka. Ndiye anandiikira mazira m'kadengu, kuwakwirira ndi mankhusu a mpunga. Njira yonse kadenguko ndinakafukata pamiyendo.

Nditafika ndinapeza nkhuku yakuda ya apongozi yayamba kukhalira. Ndinagwada chapatali.

"Amayi, ndimati ndibwereke nkhuku yanu yakuda ija."

"Mazira ake ilinawo."

"Ndabwera ndi a bakha kuchokera kwathu."

"Abakha ndi auve, Anaphiri. Amaipitsa pakhonde."

Ndinangoti chabwino. M'mawa mwake ndinapeza kadengu kanga kali kopanda kanthu. Nditasuzumira m'chikwatu, chisa chaudzu chija chimene nkhuku imaikiramo, ndinaona mazira anga ali pansi pa nkhuku yakuda. A nkhukuyo anali atawagawira thadzi lina.

Tsono nkhuku imafungatira milungu itatu, pamene bakha wathuyu amafuna isanu. Nkhuku ija inadikira masiku ake, osaona kanthu, koma sinachoke. Inaonda, lipombo linatuwa. Anamaseko ankaipititsira madeya ndi madzi pachikwatu pomwepo, ndipo podutsa pafupi ndi ine ankangoti, "Nkhuku yanga mwaimangitsa." Mazira anaswa mwezi wa Juni, chisanu chili pachimake. Tiana tachikasu, timilomo taphwatalala. Nkhuku inkatiyang'ana cham'mbali, koma inatilandira.

Patangopita masiku ochepa tinapita kudimba kukathirira kabichi, nkhuku n'kutitsatira ndi ana ake. Kudimbako kunali chitsime chokumba, chosazama, chimene tinkatungamo ndi keni. Tiana tija titangoona madzi tinathamanga n'kudziponyamo. Nkhuku inayamba kuzungulira m'mphepete ikulira. Anamaseko anaika keni pansi.

"Musadandaule, amayi," ndinatero ine ndikuseka. "Kwathu amalowa m'madzi tsiku lomwe aswa."

Tinapitiriza kuthirira kumunsi kwa dimba. Pobwerera kudzatunganso tinapeza nkhuku ikulirabe, mawu atasasa. M'chitsime muja tiana tinali titamira mpaka m'khosi, ubweya utamatirira pathupi ngati thonje lonyowa. Tina tinali titasiya kale kupalasa. Ndinalowa m'madzi n'kutivuula ndi manja. Topuma tinali titatu.

Ine ndinangoima nato m'manja, madzi akuchucha. Anamaseko anamasula mfundo ya nsalu yawo, anatenga titatu tija n'kutilowetsa pachifuwa, pakhungu penipeni, n'kumanganso. Ananyamuka kupita kunyumba, keni n'kuisiya pomwepo, chinthu chimene anali asanachitepo. Ndinawapeza atakhala pamalo pawo podzolera paja, atafungatira chifuwa ndi manja onse.

"Mwati kwanu samira?"

"Samira, amayi."

"Ngakhale aang'ono chonchi?"

"Ngakhale aang'ono chonchi."

"Ndiye awa asowa chiyani?"

Ndinakhala pansi pambali pawo. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka, tiana titayamba kulira pansi pa nsalu. Nkhuku yakuda inali chapafupi, ikudzikonza nthenga. Anamaseko ankaiyang'anitsitsa ikupinda khosi kupita kumchira. Kenako anati ndiigwire. Anapatula nthenga pachinyophiro n'kufinya, panatuluka kadontho kosakwana n'kudzoza chikhadabo.

"Za bakha zimakhala bwanji pamenepa?"

Ndinawauza kuti zimakhala zazikulu, zonyowa nthawi zonse, ndipo potumbula timachotsa chifukwa cha fungo. Ndikuyankhula choncho ndinakumbukira mmene ana a bakha amatulukira pansi pa make akuwala, ndi mmene chisa chake chimanunkhira mafuta. Make akadzola, nthenga za pamimba pake zimapaka anawo pamene akuwafungatira. Kansupa ka mwanayo kamakhala kasanayambe ntchito mokwanira, ndiye amayamba wayendera a make.

"Ndiye nkhuku yangayi mafuta ake ndi okwana yokha," anatero Anamaseko.

Anaganiza zothandiza. Anatsegula nsupa yawo, n'kudzoza kamodzi mwa titatu tija mafuta a nsatsi, mosamala, ndi nsonga ya chala. Ubweya uja m'malo mofufuma unagwirana timagulutimagulu, khungu n'kumaonekera, mphepo n'kumalowa. Tinayesa kukapukuta, osatheka. Tsiku lotsatira kanafa. Anamaseko anakayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Si mafuta aliwonse." Ndiye iwe Mphatso, tsiku lija unkafuna kusambitsa bakha ndi sopo wochapira kuti ayere, n'chifukwa chake ndinakulanda beseni. Zake za mbalame umazisiya momwe ziliri, osachotsa, osawonjezera.

Tiwiri totsalato tinatisunga m'dengu pafupi ndi moto, madzi tikumwera m'phale lodzaza timiyala kuti tisalowemo. Ntchito imeneyo anaitenga ndi apongozi, ine sanandifunse. Patapita milungu, nthenga zenizeni zitayamba kutuluka, tsiku lina ndikusinja ndinamva, "Anaphiri, tabwerani." Ndinapita ndikuganiza kuti ndalakwitsa china. Anandilozera ndi mlomo. Kamodzi kanali katapinda khosi mpaka kumchira, kakugwa n'kudzukanso, kakutapa mafuta ake. Kanali koyamba kuti andiitanire chinthu chosakhala ntchito.

Tiana tonse tiwiri tinapezeka tatikazi. Ku Biriwiri mukudziwa kuti msewu ndiwo malire, ukangowoloka uli ku Mozambiki. Anamaseko anamva kuti mbale wawo wina kutsidyako ali ndi abakha. Ananyamuka okha m'mawa, n'kubwera madzulo ndi chibakha chachimuna chofiira kumaso atachipana m'khwapa, chitawaipitsira nsalu yonse. Sananenepo kanthu za uve.

Kuyambira pamenepo abakha ankafungatira okha, ndipo anachuluka. Tinawakumbira kadziwe kumunsi kwa dimba, kotsetsereka m'mbali kuti azituluka mosavuta. Tinkawagulitsa kumsewu limodzi ndi mbatata ndi kabichi, kwa madalaivala a malole. Chaka cha njala chija, chimene anthu ankadya nthochi zosakhwima ndi mizu, ife tinkasinthitsa abakha ndi chimanga kutsidya. Feliya ndi Yona anaonda koma sanatupe. Ine ndi apongozi tinkayankhulana tsopano, ngakhale nkhani zake zinali za abakha, mvula ndi ana. Dzina la a Filimoni silinkatchulidwa.

Linatchulidwa tsiku lina kudimba. Munthu wina wa m'mudzimo anali atabwera kuchokera ku Joni, ndipo Anamaseko anakamufunsa okha potuluka m'tchalitchi. Anandiuza tili chowerama, tikuzula udzu m'kabichi.

"Anaphiri, mwana wanga ali moyo. Ali ndi mkazi kumeneko, ndi ana."

Ndinapitiriza kuzula udzu. Ndinali nditaziganizira kale, kungoti kumva ndi khutu ndi zina.

"Ndati mumve kwa ine, osati pachitsime," anatero.

Nkhani inafika kuno kwathu. Amalume anga, amene anali nkhoswe, anakwera ndi achimwene anga kudzanditenga. Anamaseko anapha bakha wonenepa kuposa onse. Atatha kudya anakhala pamphasa, pamodzi ndi akuluakulu a kuchimuna. Amalume anayankhula mwaulemu, koma mosazungulira: chitengwa anapereka kwa munthu, ndipo munthuyo kulibe. A kuchimuna ankati tidikire, mwina abwera. Atafunsidwa Anamaseko anangoti, "Mwana wawo amutenge. Ine ndilibe mawu."

Zinandipweteka. Ndinawatsatira kuseri kwa nyumba.

"Amayi, mwatopa nane?"

"Kwanu muli ndi munda wa mayi anu, Anaphiri. Kuno dimba ili ndi la abale a malemu amuna anga. Akundisiyira chifukwa ndikupuma. Tsiku limene ndidzagone, inu adzakuonetsani msewu, ndipo nthawi imeneyo amalume anu adzakhala atakalamba. Pitani pamene akubwera okha kudzakutengani."

"Nanga inu?"

"Ine ndili kwathu."

Ndinatenga ana ndi zovala. Abakha ndinawasiyira onse, pakuti kuno analipo ambiri. Apongozi sanatiperekeze mpaka kumsewu. Anaima pankhokwe, anagwira mutu wa Yona pang'ono, n'kubwerera.

Kuno ndinayambiranso moyo wa mpunga: kufesa, kuwoka, kuinga mbalame, kupuntha. Masiku amenewo mafoni anali a anthu owerengeka, nkhani zinkayenda ndi ogula mpunga. Ndikafunsa za apongozi ankati, "Alipo, tinawaona." Mpunga wachiwiri nditakolola, ndinasenza thumba laling'ono n'kukwera kukawaona. Inalinso nyengo yachisanu.

Oyamba kundilandira anali abakha. Anali ochuluka, onenepa, nthenga zikuwala. Ndinati basi zinthu zili bwino. Kenako ndinaona munthu atakhala kumbali ya nyumba, ndipo ndinatsala pang'ono kumufunsa kuti Anamaseko apita kuti. Anali atatuwa ngati phulusa. Miyendo inali mambamamba, zidendene zitang'aluka. Woweta aliyense kuno amadziwa kuti bakha akasiya kudzola, nthenga zikayamba kunyankhalala, ndiye kuti m'kati mwavuta, ngakhale akudya. Ndinayang'ana pakhoma pamene ankapachika nsupa. Inalipo, youma, kangaude atatchinga pakamwa.

Dzanja lawo lamanja linali litafa. Anati linangoyamba tsiku lina podzuka, pamodzi ndi mwendo kulemera. Kusinja nsatsi sakanatha. Abale ankawapatsira chakudya akakumbukira. Mphamvu zimene zinatsala ankathera pa abakha, kukoka kadengu ka madeya ndi dzanja limodzi.

"Bwanji simunatumize mawu?"

"Kuti mudzatani? Inu si wa pano."

Ndinakhala masiku angapo. Ndinakatola nsatsi kumabwinja, ndinayenga mmene ndinkawaonera, ngakhale oyamba ndinapsereza ndipo anandiuza. Ndinawasambitsa ndi madzi ofunda n'kuwadzoza. Poyamba anakana kuti mpongozi sagwira thupi la apongozi ake. Ndinati poti anena okha kuti ine si wa pano, ndiye palibe choletsa. Anaseka, kamodzi, ngati akutsokomola.

Nditanena kuti tipite kwathu, anakana.

"Munamva kuti, mayi wa mwamuna kukakhala kwa mkazi amene mwana wake anamusiya? Anthu adzati chiyani?"

"Adzanena, kenako adzatopa."

"Manda a amuna anga ali pano."

"Sakuchoka. Tiyeni mukangothawa chisanu, kukatentha mudzabwerera."

Anavomera zothawa chisanuzo. Koma abakha anati sawasiya, ndiye tinawamanga miyendo n'kuwaika m'madengu. Pa matola anthu ankatiseka, kuti taonani awa akupititsa abakha kuchigwa, kuli ngati kupititsa mbatata ku Biriwiri. Anamaseko anakhala chiwongokere pamwamba pa matumba, osayang'ana munthu.

Amalume atationa tikutsika anandiitanira pambali.

"Iwe, tinakatenga munthu mmodzi. Izi ndiye ziti?"

"Ndi agogo a ana anga, amalume."

"Mwana wawo anakuchita chipongwe."

"Mwana wawo, eya."

Anang'ung'udza mlungu wathunthu, kenako anabwera ndi mitengo ndi achimwene, n'kumanga kanyumba paja pali mpapaya lero. Anthu ananenadi, pachitsime, kutchalitchi, mpaka ena ankati ndikufuna kukoka mwamuna ndi mankhwala podzera mwa mayi ake. Kenako anatopa.

Tsiku lina ndinawatsogolera Anamaseko kungalande, akutsimphina ndi ndodo. Bakha wina anali atangoswa dzulo lake, ndipo anatsika ndi ana ake m'madzi ife tikuona. Tiana tinkayandama pamwamba ngati timasamba, kumira mutu n'kutuluka touma. Anamaseko anayang'ana mpaka tinakhota pakona.

"Munkanenadi zoona, Anaphiri," anatero. Zaka zonse zija, kapena ankaganiza kuti ndinangodzitama.

Kutatentha sanatchule zobwerera, nanenso sindinawakumbutse. Anakhala nafe zaka zingapo. Ankadandaula udzudzu, kutentha, ndi mpunga umene ankati sukhalitsa m'mimba. Matemba anawazolowera mochedwa. Feliya ndiye anali wawo, anamuphunzitsa kuyenga nsatsi akumulozera ndi dzanja lamoyo lija, ndipo ndi Feliya amene ankawadzoza m'mawa asanapite kusukulu. Ukamuona mayi ako, Tadala, akunyoza mafuta a m'sitolo kuti ndi madzi okhaokha, udziwe kumene anazitenga.

Anamaseko anamwalira mwezi wa Okutobala, masana, atagona pamphasa pansi pa mtengo. Anali atanena kale kuti tisavutike ndi galimoto, adzagone konkuno. Abale awo anatsika kuchokera ku Biriwiri, amuna ena atanyamula zishango, ndipo anavina ngoma pabwalo apa monga amachitira kwawo posiyana ndi munthu wamkulu. Anthu a kuno anali asanaonepo, anaima mozungulira n'kumaonerera. Uthenga unapita ku Joni pafoni, kudzera mwa anthu. Tinadikira mmene tikanathera ndi kutentha kuja. Sikunabwere munthu.

A Filimoni anatulukira patapita zaka, nthawi ya dzinja, tikuwoka. Inu munali musanabadwe, kapena Tadala anali wakhanda. Ndinaona bambo wa imvi ataima pamkumbira wa munda, atanyamula kachikwama kamodzi, nsapato zili m'manja. Ndinawazindikira ndi kaimidwe, ankaima ngati mayi awo. Ndinasamba m'manja mungalande n'kuwapatsa moni, iwo n'kuyankha. Anati anafikira ku Biriwiri, anapeza nyumba inagwa, dimba akulima ena, ndipo anthu anawalozera kuno.

Ndinawatengera kumanda pamodzi ndi achimwene, titapempha kwa eni ake. Anaima pamutumbira nthawi yaitali. Sanalire mokweza. Pobwerera anafuna kufotokoza za ku Joni, za mapepala, za ntchito imene inatha, za mkazi uja amene anawathamangitsa. Ndinamvetsera. Yona anakana kutuluka m'nyumba. Feliya anawapatsa moni atagwada, ngati mlendo aliyense.

Ndinapha bakha, ndinaphika mpunga wa m'nkhokwe, ndinawapatsa madzi osamba. Anadya zonse. Akusamba m'manja anayang'ana kanyumba ka mayi awo, kamene kanali kakadaima, n'kunena kuti denga lake likufunika udzu, ndipo iwo ntchito yofolera amaidziwa. Ndinati achimwene afolera mvula ikatha. Anakagona kwa achimwene.

M'mawa ndinawaperekeza kumsewu, pakuti anati ali ndi msuweni ku Manjawira amene angawasunge. Tinakhala pansi pa mtengo kudikira galimoto, patalipatali. Sindinali wokwiya, ana inu. Mkwiyo unali utatha kalekale, ndipo pamalo pake panalibe china chimene chinamera. Galimoto itaonekera patali, anandifunsa osandiyang'ana.

"Amayi ananenapo chiyani za ine?"

Ndikanatha kuwapangira mawu okoma, koma Anamaseko sankakonda zowonjezera.

"Ananena kamodzi," ndinatero. "Anati mukadzabwera ndidzakupatseni chakudya."

"Basi?"

"Basi. Ndiye ndakupatsani."

Anagwedeza mutu, anatola kachikwama kawo, n'kukwera. Ine ndinabwerera kumunda, pakuti mbande zinali zitazulidwa kale ndipo zikanafota.